Mpando wa Kumbuyo kwa Dalaivala

Eston Chimwaza ndinamudziwa akunyamula makoni, timapulasitiki toyala pabwalo la mpira pokonzekera. Ine ndimayendetsa minibasi ya koleji ina kuno ku Leicester, ntchito imene ndinaitenga nditapuma pa mabasi a mumzinda. Lachitatu lililonse masana ndimanyamula timu ya atsikana ya mpira wamiyendo, kupita nayo kumene ikukasewera. Dalaivala salankhula zambiri. Amayang'ana kutsogolo, nthawi zina pagalasi.

Eston anabadwira ku Balaka. Kwawo anali mphunzitsi wa pulayimale, ndipo ankasewera kumbuyo m'timu ya paboma mpaka bondo linamukana. Anabwera kuno mu 2005 potsatira mkazi wake Marjorie, amene ndi nesi. Anapeza ntchito m'nyumba yosamalira okalamba, yosambitsa ndi kudyetsa anthu. Lolemba ndi Lachitatu masana ankasinthana mashifiti ndi anzake kuti azikathandiza kochi wa atsikanawo. Sankalipidwa. Anachita zimenezi zaka zisanu ndi chimodzi. Ankapopa mipira, kuyala makoni, kuphunzitsa wapagolo kugwa osathyoka mkono. Pa nthawi yomweyo ankachita maphunziro a ukochi, pang'onopang'ono, mpaka anapeza mapepala onse ofunika pa mpira wa makoleji.

Kochiyo anali a Razak. Iwowa anabadwira ku Limbe, m'banja la amwenye ogulitsa nsalu, ndipo ali ndi sitolo ku Evington, dera lina la mzinda uno. Chichewa chawo chimaposa cha ana athu obadwira kuno. Timuyi anaiyambitsa okha. M'zaka khumi ndi zinayi anatenga nayo chikho cha makoleji a m'chigawo chino kanayi. Pepala la ukochi analibe ngakhale limodzi. Ankati pepala lawo ndi zikho zili m'kabati ya magalasi pakhomo la koleji.

Eston ankawatcha bambo. Iwo ankamuitana ndi dzina, ndipo masewero akatha ankamukokera kunyumba kwawo kukadya.

Chaka chatha kunabwera mkulu watsopano woyang'anira masewero pa kolejipo. Ananena kuti kuyambira Seputembala kochi aliyense akhale ndi mapepala. Anaitana Eston n'kumuuza kuti ntchitoyo ndi yake ngati akuifuna, yolipidwa, masiku atatu pa sabata. Akakana, aitsatsa m'nyuzi ndipo adzabwera mlendo. Anamupatsa sabata imodzi.

Anandiuza tili poimika magalimoto, ine ndikutsuka magalasi.

"Mwawauza a Razak?" ndinafunsa.

"Ndiwauza, madala. Ndikungofuna poyambira."

Poyambirapo sanapapeze. Pambuyo pake anandiululira kuti kawiri konse anafika pa msewu wa kwa a Razak, naona nsapato pakhomo, n'kubwerera. Kodi munthu umamuuza bwanji wamkulu kuti ndavomera mpando wanu? Ali mkati modikira tsiku labwino, kalata ya koleji inafika kwa a Razak. Inawathokoza chifukwa cha zaka zonsezo, n'kutchula dzina la wolowa m'malo mwawo. Sanaimbire foni aliyense. Anatumiza mwana wawo kukasiya makiyi a chipinda cha mipira ku ofesi, mu envulopu.

Pali chinthu chimene koleji sinkadziwa, ndipo Eston ankangochimva patali. Mwa atsikana khumi ndi asanu a m'timuyi, asanu ndi anayi ndi ochokera m'mabanja achisilamu a ku Evington ndi Highfields, ambiri mwa iwo ochokera ku Malawi. Ogasiti aliyense a Razak ndi akazi awo, mayi Safura, ankayenda nyumba ndi nyumba. Ine ndinkawayendetsa pa galimoto yanga, chifukwa a Razak maso anayamba kuvuta. Ankavula nsapato, kukhala pansi, kumwa tiyi. Ankafunsa za malonda, za agogo odwala, za amene wapita ku Blantyre posachedwa. Za mpira zinkabwera kumapeto, atatsala pang'ono kudzuka.

"Mwana wanuyu tibwerekeni Lachitatu lililonse," ankatero. "Mayi awa adzakhala m'basi popita ndi pobwera. Tidzamubweza mmene tamutengera."

Ndipo zinkaterodi. Zaka khumi ndi zinayi mayi Safura anakhala pa mpando wa kumbuyo kwanga, ndi fulasiki ya tiyi ndi kachikwama ka mtedza. Mpira sankaudziwa. Chigoli chikalowa ankandifunsa kuti chalowa mbali iti. Koma ankadziwa mwana amene sanadye, amene akulira mobisa, amene ayenera kupeza malo opempherera pa bwalo lachilendo. Pobwera ankaonetsetsa kuti aliyense watsikira pa khomo la kwawo. Zimenezi sizinalembedwe paliponse.

Ogasiti wa chaka chatha palibe amene anayenda. Eston anatumiza mafomu kwa makolo, monga koleji imafunira. Onse anabwerera atasainidwa. Anandionetsa mulu wake, akumwetulira. Ine ndinauyang'ana muluwo ndipo sindinanene kanthu. Ndinkati si malo anga. Cholakwa chimenecho ndi changa.

Masewero awiri oyamba anali a pakhomo. Onse tinapambana. Eston anali atasintha kaimidwe ka osewera kumbuyo, kuika atatu m'malo mwa anayi, ndipo zinaoneka kuti zikuyenda. Mkulu wa masewero anamugwira chanza pamaso pa anthu.

Kenako kunabwera ulendo woyamba wakoyenda, wa ku Nottingham. Ndinaimika basi pa geti nthawi ya nkhomaliro. Analowa atsikana asanu ndi mmodzi. Tinadikira. Eston anali panja, foni kukhutu, akuyenda uku ndi uku. Uyu akuti mutu ukumupweteka. Uyu akuti kusitolo kwachepa anthu. Uyu sakuyankha. Lamulo la ligi limati timu singalowe m'bwalo ndi osewera osakwana asanu ndi awiri. Patatha ola ndinazimitsa injini. Atsikana aja anatsika mwakachetechete, ena atavala kale nsapato zosewerera.

Lolemba pokonzekera onse khumi ndi asanu analipo. Eston anaitanira pambali kaputeni wa timu, Mahira, mtsikana wamtali wosewera pakati. Ine ndinali pafupi, ndikutsitsa mipira.

"Mahira, ndakulakwirani chiyani inuyo?" anafunsa m'Chichewa.

Mahira amamva Chichewa koma amayankha m'Chingerezi. Anati palibe chimene walakwa. Anati atsikana onse akufuna kusewera, ndipo iye analira Lachitatu lija. Koma bambo ake anangomufunsa funso limodzi m'mawa mwake: m'basimo muli ndani?

"Muli ine. Muli dalaivala wathu, a Timothy awa. Takhala tikuyenda nanu zaka zonsezi."

Mahira anayang'ana pansi. Anati zimenezo bambo ake akuzidziwa.

Eston anamva kuti vuto ndi kusowa kwa mayi m'basi. Anapita ku ofesi, ndipo koleji inapereka mphunzitsi wina wamkazi, munthu wabwino ndithu, woti aziyenda nafe. Eston analembera makolo onse imelo kuwauza zimenezi. Patatha masabata awiri tinali ndi ulendo wa ku Derby. Mphunzitsi uja anafika msanga, nakhala pa mpando wa kumbuyo kwanga ndi mabuku oti achonge. Atsikana analowa asanu ndi mmodzi omwe aja.

Lachisanu kunabwera kalata ya ligi. Timu yolephera kufika pa masewero katatu imachotsedwa. Ife tinali titalephera kawiri, ndipo ulendo wotsatira unali wa ku Northampton, patatsala masiku khumi ndi awiri. Mkulu wa masewero sanabise mawu. Timu ikachotsedwa mu ligi, koleji iitseka, ndipo ntchito ya kochi ithera pomwepo. Eston anali atachepetsa kale masiku ake kunyumba ya okalamba ija. Koma sindikhulupirira kuti chinkamudya kwambiri ndi chimenecho. Anaima pa kabati ya zikho ija nthawi yaitali.

"Zaka khumi ndi zinayi, madala," anatero. "Ine miyezi iwiri yokha, ndaipha."

Apa ndi pamene ndinalankhula, mochedwa. Ndinamuuza za Ogasiti, za nsapato zovula pakhomo, za mawu amene a Razak ankanena podzuka. Ndinamuuza kuti makolowo sanabwereke ana awo kwa koleji. Anawabwereka kwa anthu awiri amene anabwera kudzawapempha.

Anandiyang'ana. Ndinayembekeza kuti andifunsa chifukwa chimene ndinakhalira chete nthawi yonseyi. Sanandifunse. Anangoti ndimuperekeze kwa bambo ake a Mahira.

Bambowo ndi a Khursheed, ali ndi sitolo ya zitsulo ndi utoto. Tinapita kunyumba kwawo Lamulungu masana. Eston anavala jekete. Anatilandira bwino, kutipatsa tiyi ndi masamusa, kufunsa za Balaka, kumene iwonso ali ndi abale. Eston anafotokoza zonse mofatsa. Anati mkazi wake Marjorie wavomera kusintha shifiti kuti aziyenda ndi ana, ngati makolo angakonde Mmalawi mnzawo.

A Khursheed anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anathira tiyi wina m'kapu ya Eston.

"A Chimwaza, inu tikukudziwani. Palibe choipa tinamvapo za inu, kapena za mayi akunyumba. Koma mwabwera nokha?"

"Ndabwera ndi a Timothy."

"A Timothy ndi a pakhomo pano. Ndikufunsa za a Razak. Ali bwanji masiku ano?"

Eston anaika kapu yake pansi.

"Mukuona," anatero a Khursheed, "mwana wangayu anamupempha ndi a Razak. Sanabwere kudzandiuza kuti amusiya m'manja mwa wina. Ndikakupatsani lero, Lachisanu ndikawayang'ana bwanji kumzikiti? Akubweretseni iwowo. Akatero, ine ndilibe mawu. Anzanga enawo chimodzimodzi."

Tili m'galimoto, Eston anakhala osamanga lamba.

"Ndiye ndipite kwa munthu amene ndinamulanda ntchito, ndikamupemphe kuti andiyendetse m'makomo?"

"Eya," ndinatero.

Tinapita Lachiwiri, dzuwa lisanalowe. Anatsegula chitseko ndi mayi Safura. Atamuona Eston anagwira pakamwa, kenako anati, "Waonda." A Razak anali pabalaza, atakhala pafupi ndi zenera. Sanadzuke.

"A Timothy, takulandirani. Komanso mwabwera ndi akuluakulu. Khalani pampando, a kochi."

Eston sanakhale pampando. Ananjuta pambali pa sofa, bondo lake loipa lija likulira, manja ali pamodzi.

"Bambo, ndabwera kudzapepesa."

"Mupepese chiyani? Mapepala ndi anu. Munawavutikira."

"Ndinayenera kubwera ndisanavomere."

"Zaka zisanu ndi chimodzi mwadya m'nyumba muno," anatero a Razak. Sanakweze mawu. "Mbale yanu mayi awa amaidziwa, ya buluu ija. Ine ndikamve kwa positi? Mukanabwera, ndikanati tenga, mwana wanga, kuposa kuti abwere mlendo. Ndikanakugwirani dzanja nyumba ndi nyumba. Ndinadikira Ogasiti yense. Galimoto ikaima panjapo ndinkasuzumira."

"Ndinafika pa msewu kawiri, bambo. Ndinachita manyazi."

"Manyazi anu ndawamva. Akuti asanu ndi mmodzi ku Nottingham, asanu ndi mmodzi ku Derby. Tsopano madzi afika m'khosi, mwakumbuka njira."

Eston anawauza za kalata ya ligi. A Razak anatseka maso. Ndinaona kuti izi zinali zisanawafike, ndipo zinawalasa.

"Dzukani apo, bondo lanulo ndimalidziwa," anatero. "Kukuyendetsani m'makomo sindingathe. Ndikanena kuti munthu uyu ndikumukhulupirira, ndiyenera kunena zoona, ndipo lero sindingatero. Mwina chaka chamawa."

"Chaka chamawa timu kudzakhala kulibe," anatero mayi Safura. Anali ataima pa khomo la kukhitchini. "Inu amuna awirinu mukhoza kudikirana mpaka kumanda. Ana alakwa chiyani? Mahira uja anabwera kudzalira pano. Ine Lachitatu la sabata yamawa ndikwera basi. Chilolezo changa choyendera ndi ana sichinathe. Ndiwaimbira amayi anzanga ndekha."

A Razak sanawaletse. Sanavomerenso. Anatembenukira ku zenera.

Panja, mayi Safura anamugwira Eston pa mkono. "Usaganize kuti ndachitira iwe," anatero. "Komabe uzidya."

Tsiku la ku Northampton ndinaimika basi pa geti. Mayi Safura anali atafika kale, ndi fulasiki yawo. Anakhala pa mpando wawo. Atsikana anabwera onse khumi ndi asanu, ena atatsitsidwa ndi abambo awo pa geti pomwepo. A Khursheed anasuzumira m'basi, napereka moni kwa mayiwo, n'kubwerera ku galimoto yawo. Eston anawerenga mitu kawiri. Kenako analemba maina pa pepala la masewero.

Pa nthawi yopuma tinali titagoletsedwa chimodzi, ife opanda. Kunali mphepo ndi kamvula. Eston anasonkhanitsa atsikana pambali pa bwalo, nayamba kujambula pa kabolodi kake. Ali mkati molankhula, foni ya mayi Safura inalira. Iwo anali akuwauza amuna awo pa foni zochitika chiyambire masewero, momwe akanathera. Anaiyang'ana foniyo, nayang'ana Eston. Sanadziwe chochita. Mahira anaona dzina la a Razak pagalasi la foni, n'kuitenga, n'kuikweza mawu.

"Mahira, ndiwe? Tamvera. Humera abwerere kumanzere kumene amasewera kale. Kumbuyo imani anayi, za atatuzo zisiyeni. Wapagolo wawoyo akuti ndi wamfupi? Menyani m'mwamba."

Atsikana onse anaunjikana pa foniyo, mitu pamodzi. Ena ankaseka, wina ankapukuta misozi. Eston anatsala yekha kunja kwa bwalo la mitu lija, kabolodi kali m'manja, mvula ikufufuta zimene anajambula. Foni itatha, Mahira anatembenuka, nazindikira chimene chachitika. Anamufunsa Eston, m'Chingerezi, ngati achite zimenezo.

Onse anamuyang'ana. Akanatha kukana. Kochi anali iyeyo.

"Chitani zimene anena bambo," anatero.

Tinapambana ziwiri kwa chimodzi. Chachiwiri anagoletsa ndi Humera, kuchokera kumanzere, mpira wam'mwamba. Pobwerera atsikana anaimba njira yonse. Anaimbiranso foni a Razak, kuwauza chigoli chilichonse katatu. Eston anakhala kutsogolo pambali panga, akuyang'ana msewu. Titadutsa Market Harborough ndi pamene analankhula.

"Mu ligi sitichotsedwa, madala."

"Ayi, sitichotsedwa."



Kuyambira tsiku limenelo zinthu zili choncho. Mayi Safura amakwera basi, ana amabwera, foni imalira pa nthawi yopuma. A Razak pabwalo safika, koma pa Lolemba Mahira amabwera ndi kapepala kochokera kwa iwo, ka maina a oyamba kusewera. Eston amakawerenga, n'kukopera pa pepala la ligi, n'kusaina pamalo a kochi. Kaimidwe kake ka atatu kumbuyo, kamene kanapambana masewero awiri oyamba aja, sanakatchulenso. Timu inathera pa nambala yachiwiri. Mkulu wa masewero analemba m'kalata ya koleji kuti kusintha kochi kwayenda bwino kuposa mmene ankayembekezera, ndipo anaikamo chithunzi cha Eston. Marjorie anafuna kuchipachika pakhoma. Eston anakana.

Ndinamufunsa tsiku lina ngati sangawauze akuluakulu zoona zake. Anati akawauza adzaletsa foni, mwina ndi mayi Safura omwe, ndipo basi idzabwereranso ku anthu asanu ndi mmodzi. Ndinamufunsa ngati sangasiye. Anati akasiya abwera mlendo wosadziwa ngakhale povula nsapato.

Tsopano ndi Ogasiti. Sabata yatha a Razak anandiimbira kuti ndikonze galimoto, ayamba kuyenda m'makomo Loweruka. Ndinawafunsa kuti tikhala angati.

"Atatu, monga kale," anatero.

Ndinamuuza Eston dzulo, chifukwa sindikufuna kukhalanso chete. Anali pabwalo yekha, akuyala makoni, ana asanafike. Anamva, nagwedeza mutu. Kenako anandifunsa kuti Loweruka tinyamuka nthawi yanji pa khomo la a Razak. Ndinamuuza kuti ikangokwana teni. Anati adzaima pa geti, atavala jekete. Akadzamutsegulira chitseko cha galimoto, adzalowa. Akapanda kutero, adzabweranso Loweruka linalo.